Kuyamwitsa m'ndege mwana wocheukacheuka

Ndege ndidaikwera koyamba mu Sepitembala 2023, mwana ali kumsana. Anzanga akamakamba za ulendo wawo woyamba amatchula mitambo, ena chakudya cha m'timbale, ena mantha amene adawagwira ndege ikunyamuka. Ine chimene ndimakumbukira n'chakuti ndidakhala pafupifupi ola lathunthu bere lili pamtunda, pamene mwini wake wa berelo, mnyamata wa miyezi isanu, adali kalikiliki kuyang'anitsitsa dazi la bambo wina amene adakhala mpando wakutsogolo kwathu.

Musaseke, abale anga. Nkhaniyi imamveka ngati yocheza nayo podikira makasitomala, koma ndikudziwa amayi anzanga a geni amene adaletsa ana awo kuyamwa nthawi isadakwane kaamba ka ulendo umodzi wokha wokapikula katundu. Ena mwa anawo adadutsa bwinobwino, ena adayamba kutsekula m'mimba mpaka sikelo kutsika. N'chifukwa chake ndati ndiilembe pano pomwe amalonda ndi ana asukulu amawerenga, m'malo mongokanong'onezana pabenchi la kusikelo.

Ine ndimagulitsa zofunda, nsapato ndi zovala za ana mumzinda wa Lilongwe, ndipo katundu wanga ndimakatenga ku Joni. Zaka zonse ndinkayenda pa basi. Amene adayendapo njirayi safuna kuwauza: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, kenako mzere wa pa Beitbridge umene umatha kukudyera usiku wonse. Ukachita mwayi ndi tsiku limodzi ndi theka, zikavuta masiku awiri, miyendo itatupa ngati ya mayi woyembekezera. Nditachira ndidakhala miyezi isanu osayenda. M'mashelefu mudayamba kuoneka matabwa okhaokha, makasitomala adayamba kulowa khomo la mnzanga, ndipo nyengo ya Khirisimasi, imene ife timakolola, inkayandikira. Ndimayenera kupita basi.

Funso lidali la mwana. Apongozi anga sadachedwe kuyankha. "Msiyeni kuno mwanayu," adatero. "Tizimupatsa phala ndi mkaka wam'chitini. Koma mukabwerako asadzayamwenso ayi, mkakawo udzakhala utasasa." Sadanene mwankhanza. Ndi zimene iwo adauzidwa ndi amayi awo, ndipo ndi zimene ambiri a ife timakhulupirira mpaka lero: ati mayi akagona kutali ndi mwana mkaka umaonongeka m'bere, mwana akayamwa adwala.

Ndidakafunsa anamwino a kusikelo. Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Mayi, bere si botolo la chambiko." Mkaka susasa uli m'thupi, ngakhale papite masiku. Chimene chimachitika n'chakuti bere likakhala osayamwidwa kapena kufinyidwa, thupi limayesa kuti mwana waleka, ndiye limachepetsa mkaka. Adandikumbutsanso zimene timamva tsiku lililonse la sikelo koma tikangotuluka pageti timaziiwala: a WHO ndi a UNICEF amati mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, osamupatsa ngakhale madzi, kenako apitirize kuyamwa uku akudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Wanga adali atatsala ndi mwezi wathunthu kuti alawe phala.

Tidakhala pansi ndi bambo ake kuwerengera ndalama. Basi ndi khanda, masiku awiri, kutentha kwa ku Tete mwezi wa Sepitembala, ayi ndithu. Ndege kuchoka ku Lumbadzi kukafika ku Johannesburg ndi maola awiri ndi theka. Mwana wosakwana zaka ziwiri samugulira mpando, amakhala pamiyendo pa mayi ake, ndipo tikiti yake kawirikawiri imakhala gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa munthu wamkulu, kuwonjezerapo timisonkho tina. Pasipoti ndiyo ayenera kukhala ndi yakeyake, ngakhale akhale wa masabata ochepa. Kuyambira mu 2015 dziko la South Africa linkafuna kuti mwana aliyense wolowa m'dzikomo akhale ndi chiphaso chobadwira chosonyeza makolo ake. Lamuloli adalifewetsa mu 2019 kwa ana a alendo oyenda ndi makolo awo, komabe ine ndidanyamula chiphasocho pamodzi ndi kalata ya bambo ake, poti pepala sililemera. Kunena zoona, phindu lambiri la ulendowo lidathera m'tikitimo. Chotonthoza mtima n'chakuti ndidapita kwacha isadagwe ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho.

Zonsezi ndidazikonzekera. Chimene sindidachiwerengere ndi khalidwe la mwana wanga.

Khanda likangobadwa limaona bwino zinthu zapafupi zokha, mtunda wa masentimita 20 kapena 30, ngati kuchokera pabere kufika pankhope ya mayi. Miyezi yoyambayo mwana amayamwa paliponse, kaya pamaliro, kaya pakati pa msika wa Tsoka, alibe nazo ntchito. Koma akafika miyezi inayi kapena isanu maso amatseguka. Amaona mpaka kutsidya kwa chipinda, amasiyanitsa mitundu, amatembenukira kumene kwachokera phokoso, manja amayamba kugwira chilichonse. Vuto n'lakuti amakhala asadadziwe kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kuyamwa uku akumvetsera sangathe. Chimodzi chiyenera kuima, ndipo chimene chimaima ndi bere. Ana ena zimawagwira pang'ono, ena kwambiri. Wanga adali wa gulu lachiwirili. Tambala akalira, wacheuka. Chitseko chikatseguka, wacheuka. Bambo ake akatsokomola pabalaza, wacheuka, ndipo pocheukapo sataya nsonga ya bere ayi, amapita nayo. Amayi amene adayamwitsapo akudziwa ululu umene ndikunena.

Kunyumba ndinkangolowa naye kuchipinda, kutseka makatani, nkhani yatha. Sindidaganize kuti m'ndege mulibe chipinda.

Cholakwa changa choyamba ndidachichitira pansi pomwe. Mnzanga wina adandiuza kuti mwana aziyamwa ndege ikamanyamuka kuti makutu asamupweteke, ndiye ine mwa nzeru zanga ndidamumana bere pabwalo la ndege kuti akalowe ndi njala. Tidalowadi ali ndi njala, komanso atatopa, tulo tili m'maso, mtima uli m'mwamba. Nditangokhala pampando wanga wapakati ndidamuika kubere. Adakoka kawiri katatu. Kenako kudalira kabelu, mawu a munthu wosaoneka adatuluka kudenga, ndipo mtsikana wa m'ndege adaima pakanjira atavala chovala chachikasu, akuonetsa mmene tingachitire zinthu zitavuta. Kwa mwana wanga imeneyo idali kanema yoposa zonse zimene adaonapo chibadwire. Bere lidatayidwa pomwepo.

Ndege ili ngati adaipanga dala kuti isokoneze mwana wotere. Magetsi akuyaka n'kuzima, timawindo tikuwala, ngolo ya zakudya ikudutsa, mabotolo akugundana, nkhope zachilendo mbali zonse, ndipo aliyense akufuna kumuseketsa. Wakumbuyo akumusuzumira pakati pa mipando, wakutsidya akumulizira zala. Onsewo ndi mtima wabwino, sindikukana. Koma mwana akamayamwa ndiye kuti akudya. Inu mukamadya nsima munthu n'kumakugwedezerani makiyi kumaso, mungakhute?

Cholakwa chachiwiri ndi chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndidatenga chitenje n'kumufunditsa kumutu. Mwana amene chibadwire sadafunditsidwepo poyamwa! Adachikoka, adachiponda, adakuwa ngati ndamuika m'thumba. Ndimadzifunsabe kuti ndidachitiranji. Ine ndayamwitsapo m'minibasi, m'tchalitchi, pamzere wa kubanki, pamaso pa apongozi aamuna, ndipo palibe adatembenuka n'komwe. Kwathu kuno bere la mayi woyamwitsa si nkhani. Koma nditangolowa m'ndege, n'kuona majekete ndi malaputopu, ndidayamba kudziona ngati ndabwera ndi zakumudzi pamalo a anthu ophunzira. Manyazi amenewo sindidachoke nawo kunyumba, ndidawatola pakhomo la ndege.

Bambo amene adakhala pawindo, a jekete labwino, adandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, mwina kuchimbudzi kuja kungakhaleko phee." Ndikhulupirira ankafuna kuthandiza. Koma amene adaonapo chimbudzi cha m'ndege akudziwa kuti ngakhale kutembenuka n'kovuta, kunja anthu ali pamzere, ndipo m'menemo mulibe lamba woti n'kudzimanga ndege ikayamba kugwedezeka. Komanso ndani mwa ife amadyera kuchimbudzi?

Maganizo oterewa adachokera kwina, ndipo kumene adachokerako amayi adalimbana nawo. Mu 2006, mumzinda wa Burlington ku America, mayi wina adatsitsidwa m'ndege isadanyamuke chifukwa adakana bulangeti limene adamupatsa kuti adzifunde poyamwitsa. Patapita milungu ingapo amayi adasonkhana m'mabwalo a ndege ambiri a dzikolo n'kuyamwitsa ana awo poyera posonyeza kukwiya. Ku Britain lamulo la 2010 limaletsa kusala mayi chifukwa choti akuyamwitsa. Anzathuwo adachita kuguba ndi kulemba malamulo kuti apeze chimene agogo athu adali nacho kalekale. Ife ndiye tikufuna kuchitaya dala kuti tioneke otsogola, eti?

Amene adandipulumutsa ndi mayi wachikulire amene adakhala chakukanjira. Ankapita kukaona mwana wawo amene adali atangochira kumene ku Joni. Adandileka ndivutike kaye, kenako adati, "Mwana wanga, chotsa nsaluyo. Ameneyu si wakuba kuti azidya mobisala." Atatero adasuzumira kwa bambo aja. "Achimwene, mitambo mwaionako yakwana. Tamupatsani mayiyu pawindopo." Bambowo adaseka, ndipo nyali ya malamba itazima tidasinthana.

"Tsono usamukakamize," adatero mayiwo. "Mleke aone. Maso akakhuta, mimba imukumbutsa." Adamutenga, adamuimiritsa pamiyendo pawo, adamuonetsa dazi lija, magetsi, kanjira, zonse, kwa mphindi ngati 20. Atayamba kutikita m'maso n'kuyasamula adandibwezera. Ndidatsitsa chotsekera windo, ndidatembenukira kukhoma, msana wanga n'kukhala ngati chitseko, mayi aja adatambasula nyuzipepala mbali inayo. Adayamwa. Mphindi zinayi kapena zisanu zokha, bere limodzi, koma adayamwa.

Ndidadandaula kuti n'zochepa. Pambuyo pake ndidamva kwa anamwino kuti mwana wa msinkhu umenewu amakhala katswiri: zimene ankakoka kwa mphindi 20 ali wakhanda, pano amazimaliza m'mphindi zochepa. Adandifotokozeranso chimene chidandisokoneza poyamba paja. Mkaka umatsika ndi mphamvu ya homoni yotchedwa oxytocin, ndipo mantha, ululu ndi manyazi zimaichedwetsa. Mayi akauma thupi mkaka umachedwa, mwana wosaleza mtima amataya bere, mayi n'kuwonjezera nkhawa, mkaka n'kuchedweratu. Ndiye kuti chitenje chija ndi maso a anthu amene ndinkawaopa zidandilanda mkaka wanga womwe.

Tsono za makutu, poti ndi zimene aliyense amafunsa. Ndege zikuluzikuluzi zimauluka pamtunda wa mamita 10,000 kapena kuposa, kumene munthu sangapume bwino. Ndiye amapopera mpweya m'kati, koma osati wofanana ndi wapansi. M'ndege mumakhala ngati muli pamwamba pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400, tinene kuti pa Zomba kapena ku Nyika. Mukafuna kuona ndi maso, imwani madzi a m'botolo la pulasitiki muli m'mwamba, mulitseke zolimba. Pofika pansi mulipeza litakwinyika ngati wina walifinya. Zomwezo zimachitikira nembanemba ya m'khutu. Kuchokera m'kati mwa khutu kupita kukhosi kuli kanjira kakang'ono kamene kamatseguka tikameza kapena kuyasamula, n'kulowetsa mpweya. Wamkulu amameza malovu dala kapena kutafuna chingamu. Khanda silidziwa zimenezo, ndipo kanjira kake n'kakafupi, kopapatiza. Kuyamwa kumalimezetsa, n'chifukwa chake kumathandiza.

Chimene mnzanga uja sadandiuze n'chakuti potsika ndi pamene pamavuta kuposa pokwera. Ndipo kutsika sikuyamba matayala akatuluka ayi, kumayamba kukadali mphindi pafupifupi 30 kuti mutere. Kumasiyananso malo ndi malo. Bwalo la OR Tambo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, ndiye kusintha kwake n'kochepa; la ku Lumbadzi lili cha m'ma 1,200; koma inu amene mumakapikula ku Dar es Salaam kapena ku Dubai mumatsikira m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo makutu amamva zenizeni. Mwana akakana bere nthawi imeneyo musataye mtima. Chala chosamba bwino choti aziyamwa chimathandiza, ndipo ngakhale kulira kumene kumatsegula kanjirako. Wanga adalira mphindi zingapo, kenako adaleka yekha. Koma mwana amene ali ndi chimfine chachikulu, kapena khutu likumupweteka, kamuonetseni kuchipatala tsiku la ulendo lisadafike.

Tidatera bwino. Mavuto adandipeza pamzere wodinditsa pasipoti. Bere limene sadayamwe lija lidalimba ngati mwala, bulauzi itanyowa mpaka m'chiuno. Pofika kumene timagona amayi a geni ndinkalephera ngakhale kukweza mkono, ndipo mwana sakadatha kuligwira poti lidali litakungika. Ndidafinyako pang'ono ndi manja m'kapu mpaka chakunsonga kudafewa, ndidaikapo kansalu konyika m'madzi ozizira, kenako ndidazimitsa magetsi. Mumdima muja mnyamata adayamwa ngati akubweza ngongole. Usiku umenewo adadzuka kanayi. Ana ocheukacheuka ambiri amatero: zimene asiya masana amazitolera usiku, kunja kukakhala zii. Mayi ndiye sagona, koma mwana sagona ndi njala. Tsiku lotsatira ndidawerenga matewera: onyowa 6, mkodzo woyera. Umenewo ndiwo umboni umene anamwino amati tiziyang'ana, osati mphindi zimene wakhala pabere. Bere likafiira, likatentha, mayi n'kuyamba kuzizidwa ndi kutentha thupi, zimenezo n'zakuchipatala, ndipo ngakhale pamenepo saletsa mwana kuyamwa.

M'mawa mwake mnzanga amene timapikulira limodzi adandipeza maso ali psuu. "Asisi, mukudzizunziranji? Gulani chitini ndi botolo, ndiye pobwerera mumumwetse kamankhwala ka chimfine agone mpaka ku Lilongwe." Sindibisa, ndidaima nthawi yaitali patsogolo pa shelefu ya zitini. Sindikunyoza mayi amene amapereka mkaka wam'chitini. Alipo amene alibe kuchitira mwina. Koma taganizani za botolo paulendo: madzi owiritsa, potsukira, posungira, pamene tsiku lonse muli m'mashopu a m'tauni ya Joni, zikwama kumanja ndi kumanzere. Bere silifuna zonsezo, ndipo pachipata chofufuzira katundu palibe amalifunsa. Amene mwanyamula mkaka wofinya kapena chakudya cha mwana musaope: lamulo loletsa zamadzimadzi zopitirira mamililita 100, limene lidayamba mu 2006, limapatula zamwana, bola muzitulutse n'kuzionetsa.

Za mankhwala ogonetsa ndiye ndikane poyera. Tonse tikudziwa kuti zimachitika m'mabasi, ndipo zikulowanso m'ndege. Mankhwala ngati Phenergan ndi oletsedwa kwa mwana wosakwana zaka ziwiri chifukwa angathe kumufooketsa kapumidwe, pamene m'ndege mpweya ndi wocheperako kale. Ana ena m'malo mogona amalusa koposa. Kulira kwa mwana kumatha ndege ikatera, ndipo anthu amene mukuwaopawo simudzawaonanso.

Pobwerera, patatha masiku anayi, ndidali nditachangamuka. Popereka katundu ndidapempha mpando wapawindo, ndipo adandipatsa osavuta. Ndidavala bulauzi ya mabatani kutsogolo, ina n'kuika m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi matewera. Njala ija sindidamusungirenso: ndidafuna ngodya ya phee kutali ndi ma TV, pageti pamene padalibe anthu odikira ndege, ndidamuyamwitsa mofatsa. Kenako ndidamubereka n'kumayenda naye uku ndi uku kuti aone ndege, aone anthu, maso akhutiretu. M'khosi mwanga ndidavala mkanda waukuluukulu wa chingwe cholimba, kuti dzanja lake lipeze chochita pafupi ndi bere m'malo mokafuna tsitsi la oyandikana nawo. Foni ndidaitsekera m'chikwama, poti nayonso ikawala amaitsata.

M'ndege adandiuza kuti ndimutsitse kumsana, poti ponyamuka ndi potera mwana saloledwa kukhala m'mbereko, ndipo adandipatsa kalamba kakang'ono kolumikiza ku lamba wanga. Kalambako sikaletsa kuyamwitsa; mumangomugoneka chammbali. Ulendo uno sindidafulumire. Ndege imatha kuzungulira pansi mphindi 15 kapena kuposa isadanyamuke, ndiye ukayamba msanga mwana amakhala atamaliza nthawi yofunikayo isadafike. Ndidadikira mpaka injini zitabangula. Phokoso lija, limene ine limandiopsa, iye lidamuziziritsa mtima: limamveka chimodzimodzi osasintha, ndipo limakwirira timaphokoso tina tonse. Adayamwa atatsinzina mpaka tidalowa m'mitambo.

Woyandikana naye ulendo uno adali mnyamata wa kuyunivesite wobwera kudzaona makolo. Adayamba kumugwedezera mahedifoni. Ndidati, "Achimwene, akamaliza kudya ndikupatsani mucheze naye mpaka ku Lumbadzi." Adapepesa, adayang'ana kumbali, ndipo pambuyo pake adamunyamuladi mpaka ine ndidadya ndi manja awiri. Tiyi ndidamukana, poti ndege ikagwedezeka wotentha uja amatayikira pa mwana. Madzi ndiwo ndidamwa ambiri. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri, ndipo woyamwitsa ludzu limamupeza msanga. Mwana yekha safuna madzi, chifukwa pafupifupi magawo 87 mwa magawo 100 a mkaka wa m'mawere ndi madzi.

Ndisaname kuti zonse zidayenda bwino. Ngolo ya zakudya itafika adataya bere mkaka uli pakati potsika, ndipo udathamanga mpaka pathireyi ya mnyamata uja. Tidaseka tonse, ine ndidapukuta. Potsika adakananso, adangoyamwa chala changa. Koma adafika wokhuta, ndipo ine ndidafika mabere ali ofewa.

Kwa anzanga a maulendo ataliatali, a ku Dubai ndi ku Guangzhou odzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndege zikuluzikulu zimakhala ndi timabedi ta ana tokoloweka pakhoma lakutsogolo kwa mipando, koma n'tochepa, muyenera kupempheratu pogula tikiti. Ulendo wa usiku, magetsi akazimitsidwa, ndi umene mwana wocheukacheuka amayamwa bwino. Amene mukumwa ma ARV, mankhwala anu ndi a mwana akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi imene ingathe kutsalira pabwalo lina. Kuyambira mu 2011 dziko lino lidayamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV, ndipo chitetezo cha mwana woyamwayo chagona pa kusadumphitsa.

Ngati zavutitsitsa kuti mwana atsale, ine sindikuweruzani. Geni ndi imene imadyetsa ana enawo. Koma musalole kuti wina akuuzeni kuti kuyamwa kwathera pomwepo. Musadanyamuke finyirani mkaka m'timakapu totsuka bwino ta zivindikiro. Mufiriji umakhala mpaka masiku anayi ngati magetsi sakuzimazima, ndipo otsala naye azimumwetsa ndi kapu. Kumene muliko muzifinya maola atatu kapena anayi alionse, ngakhale mkakawo muutaye, kuti thupi lisaleke kupanga. Mukafika, mwana kubere tsiku lomwelo.

Ku Lumbadzi tidapeza apongozi akudikira pamodzi ndi bambo ake. Ine sadandipatse moni n'komwe. Adandilanda mwana, adamutsina ntchafu, adamukweza m'mwamba kumuyesa kulemera ngati nkhuku yapamsika. "Sadaonde," adatero, ngati akudandaula kuti mlandu wawagomera. Tili m'galimoto ndidamuika kubere. Adakoka bwinobwino mpaka pa Kanengo, pamene wogulitsa nthochi adagogoda pawindo, ndipo mnyamata adacheuka, nsonga ili m'kamwa. Ndidakuwa. Apongozi adatembenuka, adamuyang'ana, kenako adaloza woyendetsa galimotoyo.

"Watengera bambo akewa," adatero. "Nawonso ankatero."